Mafunso ndi mayankho okhudza yisiti ndi kuwira kwa mowa wofulula pakhomo ku Mangochi

Tsambali lalembedwera anthu akuluakulu, a zaka 18 kupita m'tsogolo, amene amafulula mowa wawo pakhomo m'boma la Mangochi, kaya ndi masese a m'mbiya kapena mowa wosefa wa m'mabotolo wochokera ku chimera cha balere. Malangizo amene amasindikizidwa pamapaketi a yisiti anakonzedwera mayiko ozizira, kumene m'nyumba mumakhala madigiri 18 kapena 20, pamene kuno kunyanja mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 35 masana. Choncho mayankho onsewa akuyambira pa nyengo yathu.

Kodi yisiti imagwira ntchito yanji mu mowa?

Yisiti ndi kachilombo kamoyo kosaoneka ndi maso, ka m'gulu limodzi ndi bowa, kamene kamadya shuga wa m'madzi a chimera n'kutulutsa ukali wa mowa pamodzi ndi mpweya umene umachititsa thovu. Chimera ndicho chimasandutsa ufa kukhala shuga, koma pachokha sichingapange mowa. Kuwonjezera pa ukali ndi mpweya, yisiti imatulutsanso timadzi tina tochepa kwambiri timene timapatsa mowa fungo lake, ndipo kuchuluka kwa timadzi timeneti kumadalira mtundu wa yisiti komanso kutentha kwa malo amene mowa ukuwirira. N'chifukwa chake anthu awiri akhoza kugawana chimera chimodzi ndi madzi a pa mjigo umodzi, koma wina n'kutulutsa mowa wonunkhira ngati nthochi yakupsa, mnzake n'kutulutsa mowa woluma pakhosi.

Kodi yisiti ya ale ndi ya lager zimasiyana bwanji?

Ale ndi lager ndi magulu awiri aakulu a mowa wosefa. Yisiti ya ale, imene akatswiri amaitchula kuti Saccharomyces cerevisiae, imagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 15 ndi 22, imakonda kukwera pamwamba ndi thovu, ndipo imamaliza m'sabata imodzi kapena ziwiri. Ya lager, Saccharomyces pastorianus, imafuna kuzizira kwa madigiri 8 mpaka 13, imagwira pang'onopang'ono, kenako mowa wake umasungidwa pamalo ozizira kwambiri kwa masabata angapo. Munthu woyamba kupatula yisiti ya lager payokha, popanda tizilombo tina tosakanikirana nayo, anali Emil Christian Hansen, amene anachita zimenezi mu 1883 ku malo ofufuzira a Carlsberg mumzinda wa Copenhagen. Kampani yomweyi ndiyo inatsegula fakitale ya mowa ku Blantyre mu 1968, yoyamba kunja kwa dziko la Denmark, ndipo kuchokera pamenepo Amalawi ambiri anazolowera kuti mowa wa m'botolo ndi lager. Koma fakitale ili ndi matanki oziziritsa usana ndi usiku. Pakhomo pa ku Mangochi, ngati mulibe firiji yaikulu ndi magetsi odalirika, lager muisiye kaye.

Nanga ndi yisiti iti imene ingapirire kutentha kwa kuno?

Funso limeneli ndilo lofunika kuposa onse, ndipo yankho lake n'lakuti muyambe mwayeza kutentha kwa chipinda chanu, kenako musankhe yisiti, osati kusankha mtundu wa mowa umene mukuulakalaka n'kuyembekezera kuti yisiti ilolera. Muyenera kukumbukiranso kuti mowa ukamawira umadzitenthetsa wokha, kotero kuti m'kati mwa chigubu mumakhala motentha ndi madigiri angapo kuposa mpweya wa m'chipindamo, makamaka pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu pamene thovu lili pachimake.

Yisiti za ale zofala monga SafAle US-05, S-04 ndi Nottingham n'zabwino, koma zikawira pa madigiri 30 zimatulutsa mitundu ina ya ukali wolemera imene imanunkha ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, imawotcha pakhosi, ndipo imawawitsa mutu m'mawa mwake. Vuto limeneli likalowa silichokanso ngakhale mowawo muusunge miyezi itatu. Yisiti zimenezi zimayenera miyezi ya Juni ndi Julaye, pamene mwera ukuwomba panyanja ndipo usiku kumazizira, kapenanso kumtunda ku Namwera kumene sikutentha ngati kumadambo.

Imene ndingailimbikitse kwa munthu wa pa boma, ku Monkey Bay kapena ku Makanjira ndi kveik, yisiti ya alimi a kumadzulo kwa dziko la Norway, m'madera monga Voss ndi Hornindal. N'zodabwitsa kuti yisiti yopirira kutentha inachokera kudziko la chipale chofewa, koma alimi akumeneko ankaithira madzi a chimera akadali ofunda, ndipo pa mibadwo yambiri inazolowera motero. Kveik ya Voss imawira bwino pa madigiri 35 mpaka 40, imatha kumaliza m'masiku atatu kapena anayi, ndipo imasiya kafungo ka malalanje m'malo mwa kuluma kuja. Masiku ano imagulitsidwa youma m'mapaketi. Ina yoganizira ndi yisiti ya saison, yochokera ku mowa wa m'mafamu a ku Belgium, imene imalola madigiri oyandikira 30 ndipo imanunkhira ngati tsabola wakuda, koma mitundu yake yambiri imadya shuga yense mpaka kumapeto, choncho imafuna kudikira musanaike m'mabotolo.

Kodi ndingagwiritse ntchito yisiti ya buledi imene imapezeka m'golosale?

Mukhoza, pakuti ndi mtundu womwewo wa Saccharomyces cerevisiae, ndipo idzawiritsa mowa wa ukali wapakatikati popanda chovuta. Kusiyana kwake n'kwakuti inasankhidwira kutupitsa mtanda mwamsanga osati kukoma kwa chakumwa, choncho sikhazikika bwino pansi, mowa umakhala wamatope, ndipo umanunkha mandasi osapsa. Mu masese zimenezi sizimveka kwambiri, koma mu mowa wosefa zimaonekera poyera.

Ndingaziziritse bwanji chigubu popanda firiji?

Ikani chigubu m'beseni lalikulu la madzi, muchifunditse chitenje chonyowa chimene m'munsi mwake mwaviikidwa m'madzimo, ndipo muchiike pamene pakudutsa kamphepo. Madzi akamauma pa nsaluyo amachotsa kutentha, ndipo m'chilimwe, pamene mpweya uli wouma, njirayi imatsitsa madigiri angapo. M'dzinja, chinyezi chikachuluka, mphamvu yake imachepa. Pansi pa simenti m'nyumba yofolera udzu ndi pabwino kuposa m'chipinda cha malata chopanda siling'i. Masiku atatu oyambirira ndiwo ofunika kuwasamala kwambiri, popeza fungo loipa lambiri limapangika pamene yisiti ikuswana.

Ndithire yisiti yochuluka bwanji, ndipo paketi ndisunge motani?

Paketi imodzi ya magalamu 11 kapena 11.5 imakwanira malita pafupifupi 20 a mowa wa ukali wapakatikati. Musaithire madzi a chimera akadali otentha: ya ale idikireni afike pafupi ndi madigiri 20, ya kveik pa madigiri 30 mpaka 35. Musanathire, khutchumulani chigubu mwamphamvu kuti mulowe mpweya, chifukwa pa nthawi imeneyi yokha ndi pamene yisiti imaufuna kuti iswane. Ikangoyamba kuwira, mpweya wakunja usalowenso, ndipo njira yosavuta n'kulowetsa kapaipi pachivundikiro, mbali inayo n'kuiviika m'botolo la madzi, kuti mpweya wa mowa uzituluka koma wakunja ndi tintchentche zisalowe.

Paketi yosatsegula isungidwe m'firiji kapena pamalo ozizira kwambiri m'nyumba mwanu. Ngati yayenda ulendo wautali m'galimoto yotentha ndipo mukuikayikira, tengani pang'ono muthire m'kapu ya madzi ofunda a shuga. Yamoyo imachita thovu pasanathe theka la ola. Ngati madzi anu ndi a pampopi, abwatitseni kaye kuti klorini achoke, chifukwa akakumana ndi zimene yisiti imatulutsa mowa umanunkha ngati mankhwala a m'chipatala.

Amayi ofulula masese sagula yisiti ya m'paketi. Nanga mowa wawo umawira bwanji?

Umawira ndi tizilombo timene tili kale pa chimera cha mawere kapena mapira, mu ufa, pa mthiko, ndiponso m'timing'alu ta mbiya imene yakhala ikufululidwiramo mowa zaka zambiri. Mbiya yadothi ili ndi timabowo tosaoneka timene timasunga yisiti ya mowa wapitawo, ndipo ena amasiyako nsenga za pansi kapena kuthirako mowa wakale pang'ono kuti watsopano uyambe msanga. Imeneyi ndi njira yosankhira yisiti ndithu, ngakhale palibe amene amailemba pa pepala, pakuti mbiya imene yatulutsa mowa wokoma imagwiritsidwanso ntchito, ndipo imene yawononga mowa imatsukidwa kwambiri kapena kusiyidwa.

Kuwira kwa masese kumayenda m'magawo awiri. Poyamba mabakiteriya a mtundu wa Lactobacillus ndi anzawo amadya shuga n'kupanga asidi wofanana ndi wa mu chambiko, ndipo phala limasasa. Asidi ameneyu amalepheretsa tizilombo tambiri toyambitsa matenda kuswana, koma yisiti imamupirira, choncho pagawo lachiwiri yisitiyo imatenga malo n'kuyamba kupanga ukali. Uchema umene amagoma ku migwalangwa umayendanso chimodzimodzi, kungoti mofulumira kwambiri: m'mawa umakhala wotsekemera, madzulo waukali, ndipo ukagona masiku umasanduka viniga. Munthu wa kuno amene akufuna kuphunzira mowa wowawasa wa ku Ulaya sakuyamba chinthu chachilendo, chifukwa ndondomeko yake ndi yomweyi. Chimene chimasiyana n'chakuti masese amamwedwa akadali kuwira, pamene mowa wa m'botolo uyenera kukhala miyezi osawonongeka, ndipo zimenezi zimafuna ukhondo wokhwima kwambiri.

Kodi thobwa limasanduka mowa liti?

Funsoli limafunsidwa kwambiri kuno chifukwa mabanja ambiri m'bomali ndi Achisilamu ndipo thobwa ndi chakumwa cha paukwati, pachinamwali ndi pasadaka. Thobwa latsopano, limene labwatitsidwa bwino pambuyo pothira chimera, limakhala ndi shuga wambiri koma yisiti yamoyo yochepa kwambiri. Likakhala pamalo otentha, yisiti ya pa ziwiya ndi ya mumpweya imaswana, ndipo zizindikiro zake ndi thovu lokwera lokha, botolo lofufuma, kutsekemera kumene kukuchepa, ndi kuluma palilime. M'nyengo yotentha zimenezi sizichedwa. Wofuna kuti thobwa lisafike pamenepo alisunge pozizira, alimwe tsiku lomwelo kapena lotsatira, kapena alibwatitsenso. Malire a chimene chili chololedwa m'chipembedzo ndi nkhani ya mashehe, ife tangofotokoza zimene zimachitika m'kati mwa ndowa.

Kodi mowa wowawasa mwadala umasiyana bwanji ndi mowa wowonongeka?

Kusiyana kuli pa mtundu wa asidi. Mabakiteriya a Lactobacillus ndi Pediococcus amapanga asidi wofewa, wowawasa mokoma, amene ndiye maziko a mowa monga Berliner Weisse wa ku Berlin ndi Gose wa ku Goslar ndi Leipzig m'dziko la Germany, umene amathiramo mchere pang'ono ndi njere za coriander. Bakiteriya wina wotchedwa Acetobacter, amene amafika ndi tintchentche ta pa zipatso ndipo amafuna mpweya, amasandutsa ukali wa mowa kukhala viniga, ndipo kutentha kwathu kumamuthandiza kwambiri. Kawawasidwe ka viniga kakakhala kochepa zedi kamaloledwa mu mowa wofiira wa ku Flanders m'dziko la Belgium, koma kakachuluka mowa watha ntchito ndipo palibe chobwezera. Fungo la masanzi, la chimbudzi kapena la nyama yowola limasonyeza kuti mwalowa mabakiteriya osayenera, ndipo mowa wotero ndi wotaya.

Ndingawawasitse bwanji mowa m'njira yodalirika?

Njira yoyenera nyengo ya Mangochi ndi yowawasitsa mumphika, yisiti isanalowe, ndipo pano kutentha kumene kumativutitsa pa zina kumasanduka mwayi, chifukwa Lactobacillus amakonda madigiri 35 mpaka 40. Mukasefa madzi a chimera, abwatitseni mphindi zochepa kuti tizilombo tonse tife, koma musathire hops (maluwa ouma owawa amene amathira mu mowa wa m'botolo), popeza kuwawa kwa hops kumafooketsa mabakiteriya amenewa. Akazizira kufika pa madigiri 40, tsitsani pH (muyeso wa kuwawasa, umene nambala yake imatsika asidi akamachuluka) kufika pa 4.5 ndi asidi wa lactic, wa mtundu wa mu chambiko uja, wogwiritsa ntchito m'zakudya, kenako thirani mabakiteriya anu. Odalirika kwambiri ndi Lactobacillus plantarum wa m'paketi. Ena amathira yogati yopanda shuga kapena chimera chosagaya chodzaza dzanja, koma chimera chimabwera ndi tizilombo tosiyanasiyana, choncho chimafuna kuti pH itsitsidwe kaye ndithu.

Yalani pulasitiki yoyera pamwamba penipeni pa madziwo kuti pasakhale mpata wa mpweya, vundikirani, ndipo muziyeza tsiku ndi tsiku. Pakatha tsiku limodzi mpaka atatu, pH ikafika pakati pa 3.2 ndi 3.5, bwatitsaninso kuti mabakiteriya afe, thirani hops pang'ono, ziziritsani, kenako thirani yisiti yanu monga mwa nthawi zonse. Ubwino wa njirayi ndi wakuti mabakiteriya amathera mumphika ndipo safika ku zigubu, mapaipi ndi mabotolo anu. Palinso yisiti yotchedwa Philly Sour, ya mtundu wa Lachancea, imene imapanga asidi ndi ukali yokha popanda mabakiteriya, koma imafuna kutentha kwa madigiri a m'ma 20, choncho ndi ya m'nyengo ya mwera. Timapepala toyezera pH kapena kachipangizo kake n'zofunika kugula musanayambe, chifukwa lilime limanyengedwa ndi shuga amene akadali m'madzimo.

Ndinawerenga kuti ku Belgium amasiya mowa poyera usiku wonse kuti yisiti yamtchire igweremo. Kodi ndingachite zimenezi kuno?

Mowa umenewo ndi lambic, wa m'chigwa cha mtsinje wa Senne ndi dera la Pajottenland pafupi ndi Brussels. Madzi a chimera otentha amathiridwa m'chiwaya chachikulu chosaya, amagona usiku wonse mphepo ikudutsa, kenako amaikidwa m'migolo yamatabwa kwa chaka chimodzi mpaka zitatu, ndipo mowa wakale ukasakanizidwa ndi watsopano n'kuwiranso m'botolo umatchedwa gueuze. Koma ofulula akumeneko amachita zimenezi m'miyezi yozizira yokha, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Epulo, chifukwa usiku wofunda umadzaza mabakiteriya owononga ndipo madziwo sazizira msanga. Usiku wozizira motero m'mbali mwa nyanja ya Malawi kulibe, ngakhale mu Julaye, kotero kutengera njirayi momwe ilili n'kuika malita 20 a chimera pachiswe.

Mukafuna yisiti yamtchire ya kwanu konkuno, yambani ndi zochepa. Konzani madzi a chimera osalemera, mubwatitse ndi hops pang'ono, tsitsani pH kufika pa 4.5, ndipo muwagawe m'mabotolo anayi kapena asanu. M'botolo lililonse ikani chinthu chimodzi, monga khungu la mango akupsa a mumtengo, duwa, kapena supuni ya nsenga za masese okoma, kenako tsekani ndi kapaipi kaja. Musalawe masabata oyambirira, popeza tizilombo toyamba kuswana ndi tomwe tingadwalitse. Pakatha masabata atatu kapena anayi, taya lililonse lonunkha moipa kapena lomera nkhungu, ndipo limene lawira bwino n'kumanunkhira zipatso ndilo mulikulitse pang'onopang'ono.

Mu mowa wamtunduwu mumapezeka Brettanomyces, yisiti imene N. Hjelte Claussen anaifotokoza mu 1904 ataipeza mu mowa wakale wa ku England. Imadya shuga amene yisiti wamba imamusiya, imagwira ntchito kwa miyezi yambiri, ndipo imapatsa mowa fungo limene ena amaliyerekeza ndi chinanazi, ena ndi khola. Imabisala m'timikwingwirima ta pulasitiki, choncho zigubu ndi mapaipi a mowa wamtchire azikhala akeake.

Kodi malambe, bwemba ndi mango zingalowe mu mowa?

Zingalowe, ndipo malambe ndi bwemba zimawawasitsa mowa zokha chifukwa cha asidi wake wachilengedwe, popanda kudalira mabakiteriya. Zinyikeni m'madzi otentha, sefani njere ndi ulusi, ndipo muthire kuwira kwakukulu kukatha, mukulawa pang'onopang'ono. Malambe amachititsa mowa kukhala wambuu. Mango ali ndi shuga wambiri ndipo amadzutsanso yisiti, choncho mukawathira dikirani mpaka kuwira kuleke kachiwiri.

Pamwamba pa mowa pachita kakhungu koyera. Kodi nditaye?

Yang'anitsitsani kaye. Kakhungu kotuwa kapena koyera, kosalala kapena kamakwinya, nthawi zina kokhala ndi matuza ngati owazidwa ufa, kamapangidwa ndi Brettanomyces kapena mabakiteriya mpweya ukalowa pang'ono, ndipo mu mowa wamtchire n'kachizolowezi. Musakaswe, ndipo potunga mowa mulowetse paipi pansi pake. Kakaoneka pa mowa umene simunafune kuti uwawase, ndiye kuti ziwiya zanu sizinali zoyera. Nkhungu ndi ina: ili ndi ubweya, imamera m'timagulu, ndipo imakhala yobiriwira, yakuda kapena yofiirira. Mowa wa nkhungu utayidwe wonse.

Chenjezo lalikulu lili pa mbewu zimene mukuyambira. Chimanga, mapira kapena mawere zochita chuku zikhoza kukhala ndi poizoni wa aflatoxin, amene amawononga chiwindi ndipo sachoka ngakhale mubwatitse kapena muwiritse. Chizolowezi chopatula chimanga chowola kuti chikhale cha mowa n'choopsa, ndipo chimera chimene chachita nkhungu pouma nacho chisalowe mumphika.

Ndidziwa bwanji kuti mowa wamaliza kuwira, kuti ndiike m'mabotolo?

Kuleka kwa thovu m'botolo la madzi lija si umboni wokwanira, chifukwa chivundikiro chikhoza kukhala chikutulutsa mpweya pambali. Umboni weniweni umachokera ku hydrometer, kachipangizo kagalasi koyandama kamene kamayeza shuga wotsala. Mowa wamba umayamba pafupi ndi 1.050 n'kutsikira cha pa 1.010, ndipo mukachotsera nambala yachiwiri pa yoyamba n'kuchulukitsa ndi 131 mumapeza ukali wake, umene pa chitsanzochi ndi woposa pang'ono 5 peresenti. Nambala ikakhala yosasintha masiku atatu otsatizana, mowa wa yisiti wamba wamaliza. Wa saison muupatse sabata ina yowonjezera, ndipo wa Brettanomyces nambala yake iyenera kukhala yosasuntha kwa mwezi wathunthu kapena iwiri.

Poika m'mabotolo, sungunulani shuga wokwana magalamu 5 mpaka 6 pa lita iliyonse m'madzi obwatitsa, musakanize ndi mowa wonse mofatsa, ndipo mugwiritse ntchito mabotolo ochindikala amene kale munali chakumwa cha mpweya. Botolo limodzi likhale lapulasitiki kuti muzilifinya tsiku ndi tsiku. Likauma gwa, ndiye kuti enanso adzaza mpweya, ndipo pa kutentha kwa kuno zimenezi zimatha kuchitika pasanathe sabata. Pamenepo asamutsireni pamalo ozizira, ndipo pa nthawi yonse yodikira akhale m'kreti yovundikira kutali ndi ana, chifukwa botolo lagalasi limene laikidwa mowa wosamaliza kuwira limaphulika ndi mphamvu yovulaza. Ngati cholinga chanu n'kugulitsa osati kumwa pakhomo, malamulo a dziko lino amafuna kuti mukhale ndi chiphaso, ndipo zimenezo mukafunse ku khonsolo musanatsegule botolo loyamba kwa ogula.